Tsiku Limene Ndinayankha Mthenga Pagulu

Ine mawu anga ndi aakulu chibadwire. Kumafamu a fodya ku Zimbabwe, kumene ndinapita ndili mnyamata kuchoka kwathu ku Dedza, anandipatsa ufolomani osati chifukwa cha sukulu ayi, pakuti sukulu ndinalekera Sitandade 3, koma chifukwa ndikaima pachulu n'kuitana, munthu wa kumapeto kwa munda ankaponya khasu n'kubwera. Kuno ku London ndakhala zaka zoposa makumi awiri. Ndagwira ulonda m'masitolo mpaka mawondo anakana, koma mawuwo sanachepe. Ndikamayankhula m'basi, anthu a m'chipinda cha pamwamba amasuzumira pamasitepe.

Ntchito imene ndimanyadira si ya ulondayo. Ndi unkhoswe. Mabanja ambiri a anthu akwathu, kuyambira ku Peckham mpaka ku Woolwich, ndawamanga ndine, ndipo akagwedezeka amathamangira kwa ine. Kachitidwe kanga kanali aka. Mwamuna akayamba matama pabanja, sindinkapita ndekha. Ndinkatenga amuna awiri a matupi, achibale a mkaziyo kapena a kumpingo, n'kuwauza kuti inu musayankhule, musamwetulire, akakupatsani tiyi imwani, basi. Iwo akhala duu pa sofa, ine ndikuyankhula mofatsa ngati m'busa. Mwamuna uja makutu ali kwa ine koma maso ali pamapewa a awiri aja, ndipo nkhani inkatha bwino. Ndinkati ndodo umaitsamiritsa pakhomo kuti aione, sulowa nayo m'nyumba.

Kamodzi kokha zinandilaka. Ndinauza mwamuna wina ku Peckham kuti akapanda kusintha pofika Loweruka, mkazi timutenga. Iye anati, mudikiriranji Loweruka, mutengeni lero. Tinamutengadi. Nanga ndikanatani, nditanena kale pamaso pa anthu? Mkaziyo analira njira yonse. Sankafuna kuchoka pabanja, ankangofuna kuti mwamuna aopsezedwe. Banja limenelo silinabwererane, ndipo nkhaniyi sindinkakonda kuikamba.

Mzime wathu, mwamuna mmodzi yekha pambuyo pa atsikana atatu, anabwera kuno ali ndi zaka khumi. Atamaliza sukulu analowa usilikali wa dziko lino. Tsiku limene ndinamuona koyamba m'yunifolomu pachipata cha kampu ku Woolwich, ndinafuula dzina la mfunda wathu mpaka msilikali wa pachipata anadzidzimuka. Chithunzi chake ndimayenda nacho m'thumba la jekete. Ndachionetsa kwa madokotala, kwa ogulitsa nsomba pamsika, ngakhale kwa mzungu wina amene anangondifunsa njira.

Anakwatira namwino wa ku Lilongwe, amene anabwera kudzaphunzira ku Greenwich. Apongozi anga amenewa ndinkawalemekeza monga mwa kwathu. Sitiyang'anizana m'maso, sitikhala mpando umodzi, ndipo ndikakhala ndi mawu ndimauza akazi anga, iwo n'kuwafikitsa. Ana okulira kuno amaseka zimenezi, koma apongoziwo sanasekepo. Ankagwada pakhomo, n'kupereka moni nkhope ili kumbali. Chaka chimene ndikunenachi anali ndi pakati poyamba.

Chaka chomwecho Amereka anayambana ndi dziko lina la kutali, kumene kuli mchenga ndi mafuta. Pa TV tsiku lina amaonetsa sitima zankhondo zikung'amba nyanja, ndege zili ndandanda pamsana. Tsiku linzake amaonetsa akazembe ovala masuti akutsika m'magalimoto akuda, akugwirana chanza, akulowa m'chipinda n'kutseka. Dzanja ili likugwira chanza, dzanja linalo likunola mpeni. Ine ndinkati zimenezi ndimazidziwa, ndi unkhoswe womwe uja, koma ndinkaona kuti akuchedwa nazo. Mwamuna wamatama ukamupatsa nthawi yambiri amayamba kuzolowera nkhope za alendo.

Lamulungu lina titaweruka mapemphero ku Peckham tinalowa m'holo kukamwa tiyi monga mwa nthawi zonse, azimayi cha kukhitchini, azibambo cha kuzenera. Panali bambo wina wa magalasi amene amaphunzitsa ku yunivesite, timangomutchula kuti Aphunzitsi, ndipo ndi amene anayambitsa nkhani.

"Dziko lalikulu likamaonetsa zida m'mawa ndi madzulo, limadzitsekera lokha njira yobwerera," anatero Aphunzitsi. "Awasiye akazembe agwire ntchito yawo."

"Akazembe a chiyani!" ndinatero ine. "Miyezi ingati akumwa tiyi m'mahotela? Munthu wamphamvu sapempha kawiri. Amenye kamodzi, enawo aphunzire ulemu!"

"Achikulire, amene amafa pa kamodzi kameneko si amene amalamula."

"Mabuku akuphani mtima, Aphunzitsi. Inu nkhuku yeniyeniyo munaiphapo?"

Anthu anaseka. Koma panali wa ku Zambia wina woyendetsa takisi, wapakamwa ngati ine. Iye anati, "Mudala, imwe muzayenda kumenya na chani? Na ka ndodo kanu ako?" Apa anthu anaseka kwambiri kuposa poyamba, ndipo ankaseka ine. Ndinasolola chithunzi chija n'kuchimenyetsa patebulo.

"Ine ndinapereka mwana! Ndani pano ali ndi mwana wa yunifolomu? Aimirire!"

Nthawi yomweyo wina anandikoka mkono wa jekete. Anali alamu anga, mchimwene wa akazi anga, amalume ake a mwana wangayo, munthu wofatsa amene amasamalira okalamba m'nyumba zawo.

"Alamu, tapatukani pang'ono. Ndatumidwa."

Liwu limeneli, ndatumidwa, palibe nkhoswe amene salidziwa. Mwana akakhala ndi nkhani yolemera sabwera nayo yekha kwa bambo wake, amatuma amalume. Ndipo wotumidwa umamutengera kumbali, umamupatsa mpando, umamva mpaka amalize, kenako umati ndamva, ndigonere. Suyankha tsiku lomwelo. Ine zimenezi ndaphunzitsa anthu kangati? Koma maso onse anali pa ine, ndipo ndinaona ngati ndikapatuka, wa takisi uja adzati mudala wathawa.

"Nenani pompano, alamu. Pano palibe mlendo."

"Si za pano."

"Ndati nenani!"

Alamu anayang'ana pansi kanthawi. Kenako anasendeza pakamwa kukhutu langa n'kunong'ona. Anati mwana wanu analemba kalata yosiya usilikali miyezi isanu ndi inayi yapitayo. Lamulo lawo ndi loti udikire chaka, ndiye kwatsala miyezi itatu kuti amasulidwe. Akufuna kuti khanda likamabadwa iye akhale ali pakhomo. Akupempha mdalitso wanu.

Iwo ananong'ona. Ine ndinakuwa.

"Kusiya? Pamene anzake akumanga nsapato, iye akuvula? Mwana wanga ine sathawa nkhondo! Ngati wamangidwa ndi chitenje cha mkazi anene, timugulire chake azivala!"

Ndinamva sipuni ikugwa pansi cha kukhitchini. Nditatembenuka ndinaona mwana wanga ataima pafupi ndi khomo, atanyamula chikwama cha akazi ake, ndipo apongozi anali pampando pambali pake, dzanja lili pamimba. Sindinadziwe kuti abwera tsiku limenelo. Kunena zoona, ngakhale ndikanadziwa, sindikukhulupirira kuti ndikanatsitsa mawu.

Pobwerera m'basi, titadutsa Greenwich, akazi anga, maso ali pazenera, anati, "Ukayenda siya phazi, abambo. Mwasiya mlomo." Ine ndinati mwana wamwamuna amafunika kumuuza zoona.

Lachinayi masana mwana wanga anabwera kufulati kwathu ali m'yunifolomu. Sanakhale pansi. Anaima pakati pa chipinda, chipewa chili m'manja.

"Dad, kalata ija ndakaichotsa."

Ndisaname, mtima wanga unasangalala. Ndinati wachita chamuna, mwana wanga, khala pansi amayi ako akuphikire.

"Sindikhala. Ndimafuna mudziwe chinthu chimodzi. Pakakhala ulendo, amene atsala pang'ono kutuluka amawasiya pakampu. Ine anali atandisiya. Panopa ndili pa list."

"List ya chiyani?"

"Ya amene azipita akuluakulu akanena."

Anapsompsona amayi ake pachipumi n'kutuluka. Ndinamva nsapato zake zikutsika masitepe mpaka pansi, nsanjika zonse zinayi, sanadikire lifiti.

Pasanathe milungu iwiri Amereka anatchula tsiku. Anati dziko lija likapanda kuvomera pofika tsiku lakuti, liona. Ndipo dziko linoli, monga mnzake amene sakana akaitanidwa, linati litumiza asilikali kudziko loyandikana ndi la mchenga lija, kukalondera bwalo la ndege. Gulu la mwana wanga linali m'gulu lopitalo. Tinakamuperekeza pachipata cha kampu m'mawa kukuwaza kamvula. Amayi ake analira. Apongozi anaima patali, pansi pa ambulera, osalira. Sanagwade, sanapereke moni, ndipo anayang'ana mondipyola ngati ndine mtengo wa magetsi. Mwana wanga anandigwira chanza monga amagwirira mlendo.

Kuyambira pamenepo TV sindinkaizimitsa. Zilembo zothamanga m'munsi muja zimandithawa ndisanamalize liwu loyamba, ndiye ine ndimawerenga nkhope. Tsiku lina anaonetsa akuluakulu a masuti akuyankhula pabwalo la ndege, ndipo kumbuyo kwawo kunali anyamata a yunifolomu, ataima duu, osayankhula, osamwetulira. Ndinawadziwa. Anali chimodzimodzi amuna anga awiri a pa sofa aja. Zaka zonsezi sindinawafunsepo ngati ankaopa, kapena akazi awo ankati chiyani ndikawatenga. Ine ndinkangoona mapewa. Tsopano amene atsamiritsidwa pakhomo kuti anthu aone anali mwana wanga, ndipo wotsamiritsayo anali atatchula Loweruka lake pamaso pa dziko lonse. Ine ndikudziwa chimene chimachitika winayo akati mudikiriranji.

Ndinaimbira foni Aphunzitsi, munthu amene ndinamunyoza za nkhuku.

"Aphunzitsi, akazembe aja akukumanabe?"

"Akukumanabe, achikulire."

"Nanga bwanji sitima zikuchulukabe?"

"Akuti kuti winayo aone kuti sakuseka. Vuto lake ndi loti zikachuluka kwambiri, kubwerera nazo osaombera kumakhala ngati manyazi."

"Ndiye titani?"

"Pempherani kuti a masuti aja asatope. Ndipo pasapezeke wina wokuwa."

Sindikudziwa ngati ankandilasa dala. Sindinafunse.

Panapita mwezi apongozi osaponda kwathu. Foni ya akazi anga ankayankha, koma mawu awiri atatu basi. Za mwana wathu tinkamva kwa alongo ake. Ndinaona kuti ndiyenera kupepesa monga mwa mwambo, ndi nkhuku, kudzera mwa munthu. Ndinapita kwa alamu.

"Alamu, ndikutumeni."

Anali akusita malaya a kuntchito. Sanaleke kusita.

"Ine? Munandituma ndinene pagulu zimene ndinapatsidwa kuti ndinene kumbali. Mwana wa mlongo wanga anandikhulupirira. Panopa ndikamuimbira amandiyankha Chingerezi chokhachokha. Mthenga munamuwotcha nokha, alamu. Pitani ndi miyendo yanu."

Ndinakuwa pang'ono, ndinawakumbutsa mabanja amene ndinawathandiza kumanga, kuphatikizapo lawo. Anangotembenuza malaya n'kusita mbali inayo.

Nkhuku yopepesera imafunika yamoyo, uipereke ikuphupha m'manja. Ku London uitenga kuti? Ndinayenda mabutchala onse a ku Peckham. Wina anandiseka, wina anaganiza kuti ndine sing'anga. Pomaliza ndinagula thadzi lolimba lija, lososola kale, la miyendo yachikasu, n'kulikulunga m'pepala. Akazi anga anati, "Nkhuku yakufa ipepesa bwanji?" Ndinati nyamulani chikwama tizipita.

Apongozi amakhala ku Woolwich, m'fulati ya pamwamba moyang'ana mtsinje. Anatitsegulira n'kubwerera kukakhala pa sofa, mimba itafika kale pamawondo. Akazi anga anakhala nawo pafupi. Ine ndinakoka kampando ka kukhitchini n'kukhala cha kukhomo, nkhope nditalozetsa kukhoma, monga kuyenera. Ndinaika nkhuku pansi.

"Mayi," ndinatero kwa akazi anga, "auzeni apongozi kuti ndabwera. Auzeni kuti lilime linaterereka. Auzeni kuti kanthu aka n'kotsukira pakamwa."

Akazi anga anatsegula pakamwa kuti afikitse, koma apongozi anawagwira dzanja.

"Amayi, musavutike, ndamva ndekha. Bambo, tembenukani mundiyang'ane."

Chibadwire changa sindinauzidwepo mawu otere ndi mpongozi. Ndinakhala chomwecho, nkhope ili kukhoma.

"Zaka zitatu ndakugwadirani, ndayang'ana kumbali, sindinadandaule. Koma tsiku lija m'holo simunadutsire mwa amayi. Za chitenje changa munanena nokha, anthu onse akumva. Ndiye lero mundiyang'ane."

Ndinatembenuka. Ndinali ndisanaione bwinobwino nkhope yawo. Ali ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso anali otupa.

"Lilime silinaterereke, bambo. Munafuna kupambana mkangano wa pa tiyi, ndipo munabetcha mwamuna wanga. Miyezi isanu ndi inayi tinkawerenga limodzi pa kalendala iyo. Iye anati tisawauze bambo mpaka pafupi, ndipo tidzatume amalume kuti zikhale zaulemu. Ine ndi amene ndinakakamira kuti tipemphe mdalitso. Ine."

Ndinafuna kunena kuti msilikali ndi msilikali, analowa yekha akudziwa. Mawuwo anafika pakhosi. Akazi anga anandiyang'ana, ndinawameza.

"Nkhukuyo bwererani nayo. Amene munamulakwira kulibe kuno, ndipo ine sindingamudyere. Ngati mukufunadi kutsuka pakamwa, mukatsukire pamene munadetsera. M'holo momwe muja, ndi mawu omwe aja, osati onong'ona."

Tinatsika ndi nkhuku yathu. Pa siteji ya basi ndinauza akazi anga kuti zimenezo sizingatheke. Nkhoswe wamkulu kuimirira pamaso pa wa takisi uja n'kudzitsutsa? Ndani adzandiitanenso pa mlandu? Akazi anga anati, "Mwana wanu sadzalembanso kalata ija mawu anu akadali chiimire m'holo muja. Mumamudziwa. Ndi wanu."

Lamulungu loyamba sindinapite kutchalitchi, ndinati mawondo. Lachiwiri ndinapita, ndinamwa tiyi, ndinabwerako. Mkati mwa mlungu umenewo tsiku lija la Amereka linakwana. Ndinakhala pa TV kuyambira m'mawa osadya. Madzulo anaonetsa akazembe akutuluka m'chipinda nkhope zili gwa, ndipo akazi anga anandiwerengera kuti awonjezera masiku khumi. Ndinalowa kubafa n'kutseka chitseko.

Lamulungu lachitatu ndinadikira kuti aliyense atenge kapu yake. Kenako ndinamenya tebulo ndi ndodo.

"Tamverani nonse! A kukhitchini, tulukani!"

Anatuluka. Apongozi anali pampando womwe uja pafupi ndi khomo. Alamu anali atatulutsa foni n'kuilozetsa kwa ine.

"Pano ndinanena kuti mwana wanga akuthawa nkhondo. Ndinanama! Mwana wanga si wamantha. Anafuna kulera mwana wake, anatuma amalume ake mwaulemu, ndipo ine, nkhoswe wanu, ndinayankha mthenga pagulu ngati chidakwa. Apongozi anga ndinawatukwana popanda chifukwa. Ndinanenanso kuti Amereka amenye. Asamenye! Akhale m'chipinda muja ngakhale zaka khumi, amwe tiyi yense wa m'dziko, asamenye! Ndipo mwana wanga akafuna kusiya, asiye. Mdalitso ndapereka."

Palibe amene anaombera m'manja. Wa takisi uja anayang'ana m'kapu mwake. Aphunzitsi anavula magalasi n'kumawapukuta. Apongozi anaimirira movutikira, anagwira chikwama, n'kutuluka, koma podutsa pafupi ndi ine anapinda bondo pang'ono.

Foni inalira patatha masiku anayi, masana. Mawu ankamveka modukaduka, kumbuyo kukulira chinthu ngati jenereta.

"Dad, ndaona video. Amalume ananditumizira."

"Ndiye ulembanso kalata ija?"

"Ndilemba. Koma ija inafa. Ayambanso kuwerenga pa wani, chaka chathunthu."

"Khanda libadwa mwezi wamawa."

"Ndikudziwa, Dad. Miyezi ndimatha kuwerenga."

"Kumeneko kuli bwanji? Mukuchita chiyani?"

"Tikungodikira. Timavala zonse, timakhala, amati vulani. Mawa lake chimodzimodzi."

Ndinali ndi funso lina, lakuti kodi wandikhululukira, ndipo ndinali ndikulikonza m'kamwa. Koma wina anamuitana kumeneko, iye anati ndiyenera kupita, muwapatse moni amayi, foni n'kuduka.

Apongozi apempha akazi anga kuti tsiku likafika adzapite nawo kuchipatala. Ine andiuza kuti ndidzadikire kunyumba, adzandiimbira. Masiku khumi aja anatha, anawonjezeranso ena, ndipo sitima sizinachoke pamene zili. Tsiku lobwerera mwana wanga sanamuuze.